Anthu 163 amene anaona nkhope ya a Mbewe

Mpaka lero ndikamadutsa ku Madumabisa, komboni ina ya kuno ku Hwange, pali amayi ena achikulire amene amandikuwira kuti, "Abale athu a ku Nyasalande ayamba kutiona pa makina ako aja?" Ndimaseka nawo ngati nthabwalayo ndaimva koyamba, koma mtima umangoti myuu. Nkhani imeneyi ndatopa n'kuizemba. Bola ndiifotokoze ndekha, chifukwa akazi anga akamaikamba amathira mchere wambiri.

Chinali chaka cha 2006. Ine ndinali kalaliki ku sitolo ya zida za kampani ya mgodi wa malasha, ntchito yanga kulemba mabawuti ndi magolovesi otuluka pa windo. Ofesi itataya makompyuta akale ndinapempha imodzi, n'kuimangirira pa njinga mpaka kwathu ku Ingagula. Mnzanga wina wa ku Bulawayo anandipatsa sidi ndi mpukutu wa mapepala a fotokope ophunzitsa kupanga tsamba la pa intaneti. Mapepalawo anathera pa peji 58, pakati pa chiganizo, chifukwa inki inamuthera. (Peji imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.)

Tsono panali a Mbewe, mnzawo wa malemu bambo anga, amene anagwira nawo ntchito pansi pa mgodi zaka zambirimbiri. Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, akuti akangogula njinga ndi bulangete abwerera. Njinga anagula zitatu, kubwerera ayi. Amayi awo atamwalira uthenga unawapeza koma sanapite ku maliro, ndipo kuyambira pamenepo manyazi anawamanga dzanja, kalata osalembanso. Kumudzi kunatsala mlongo wawo mmodzi, a Esinati. Kaya anali moyo kaya anapita, iwo sankadziwa.

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi anandikokera pambali, n'kusolola chithunzi m'Baibulo mwawo. Chinali chimodzi chokhacho chimene anali nacho, atavala jekete ndi tayi.

"Iwe mwana wa mnzanga, manje ndakalamba," anatero. "Mai Asiyatu a zitenje aja akupita ku Balaka kukaoda. Undilembere kalata kwa Esinati, tiikemo chithunzi ichi. Andione ndisanafe. Akafuna kunditukwana, anditukwane akundiona."

Ntchito ya theka la ola imeneyo. Munthu wanzeru akanabwereka bolopeni pomwepo. Koma ine ndinali nditafika pa peji 20, ndipo mutu unali utakula.

"Madala, za maenvulopu n'zachikale," ndinawauza. "Chithunzi chanu n'chimodzi, chikakatayika pa Tete mudzatani? Ine ndikuikani pa intaneti. Dziko lonse likuonani, ndi a Esinati omwe."

Akazi anga anali pambali, anamva zonse. Panjira anangoti, "Inu abambo, tangolembani kalatayo." Ndinawayankha kuti zinthu zina sangazimvetse. Mawu amenewo ndawalipira kwa zaka zambiri.

Loweruka atatu otsatizana a Mbewe ankabwera kwathu kudzanena mawu oti apite pa tsambalo, ine ndikutaipa. Anatchula mudzi wawo, mfumu yake, mtsinje umene ankasambako. Atafika pa za maliro a amayi awo anapepesa ndi mawu amene sindingawabwereze pano. Zonse zinakwana mapeji anayi. Chithunzi ndinakachisikana ku tauni n'kuwabwezera, iwo n'kuchibwezera m'Baibulo.

Mavuto anayamba ndi seva. Mapepala aja ankati tsamba lisanaoneke pamafunika pulogalamu yotchedwa seva, imene imakhala ngati kalaliki wa pa windo: munthu akapempha tsamba, iyo imakalitenga n'kumupatsira. Ine pokhala kalaliki wa pa windo ndinati ameneyu ndi mnzanga, timvana. Ndinaiika m'kompyuta, n'kudina poyambitsira. Kabokosi kakuda kanangophethira n'kusowa. Ndinadinanso, kanaphethiranso. Ndinachotsa pulogalamu yonse n'kuiikanso, kenako kuchotsanso, mpaka kanayi. Ndikaweruka ku ntchito sindinkavula ndi nsapato zomwe, ndinkangofikira pa mpando kukaonera kabokosi kakuphethira.

Sabata itatha ndinaganiza kuti vuto ndi zinyalala za ku ofesi zimene zinatsalira m'kompyutamo, ndiye ndinafufuta zonse, kupatula za a Mbewe, kuti ndiyambe poyera. Zonse ndikunenazi zinaphatikizapo nyimbo makumi anayi za kwaya ya amayi, zimene akazi anga anazitaipa ndi chala chimodzi mwezi wathunthu.

"Nyimbo zathu zili kuti?" anafunsa Lachisanu, akufuna kukazipulinta.

"Zili momwemo, zangobisala."

"Hayi! Zabisala? Zikuopa chiyani?"

Lamulungu limenelo amayi anaimba za pamtima, ndipo pa ndime yachiwiri kunamveka nyimbo zitatu zosiyana. Onse anayang'ana kumene ndinakhala. (Kodi nkhani za m'nyumba zimatuluka bwanji msanga chonchi?) Ndipo nsembe yonseyo inapita pachabe, chifukwa kabokosi kaja kanapitiriza kuphethira.

Mwangozi ndinatsegula fayilo ina imene ndinkaidumpha masiku onse. Ndimo mmene seva inkalembamo madandaulo ake. Kuyambira tsiku loyamba inkanena chinthu chimodzi, mzere pamwamba pa mzere: khomo nambala 80, limene iyo imaimapo potumikira anthu, latengedwa kale ndi wina. Winayo kanali kapulogalamu kochezera ka pa sidi yomweyo, kamene ndinkakaika koyamba nthawi zonse chifukwa kachizindikiro kake kankandisangalatsa. Ndinakazimitsa, seva inadzuka nthawi yomweyo. Ine kalaliki, wokalipira anthu tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga mafomu, ndinatha masabata awiri osawerenga zimene ankandilembera.

Ndinaitana akazi anga kuti adzaone. Ndinatsegula tsamba, ndipo pa sikirini panatuluka mawu amodzi akuluakulu a Chingerezi onena kuti ndaletsedwa kulowa. M'nyumba mwanga, pa mpando wanga. Malemu bambo ankatiuza za masiku amene wakuda sankangoyenda chisawawa ku Baobab kwa mabwana, ine n'kumati zimenezo zinatha. Akazi anga anawerenga mawuwo mokweza, pang'onopang'ono, n'kubwerera kukhitchini akuimba ndime yachiwiri ija.

Mapepala anati chilolezo chimalembedwa m'fayilo yaitali imene imauza seva zochita. Ndinaitsegula, ndinasintha mizere, ndinadina kuti zisungike, ndipo magetsi anazima dzanja lili pa batani. Inu amene simunakhaleko ku Hwange simungamvetse kuwawa kwake. Malasha timachita kuponda, utsi wa kumene amapangira magetsi timauona pa windo, fumbi lake timameza, koma magetsiwo ankangotidutsa pamutu kupita kwa ena. Atabwera mawa lake, fayilo inali itaduka pakati. Ndinaikoperanso mzere ndi mzere kuchokera pa fotokope yofufuma, osadziwa kuti kadontho aka n'ka m'buku kapena n'ka ntchentche. Ndinamaliza, ndinatsegula tsamba, ndaletsedwabe. Ndinasintha zina, ndaletsedwabe. Patatha masiku khumi ndi pamene ndinazindikira kuti mafayilo a dzina limenelo analipo awiri, ndipo ine ndinkalimbana ndi lomwe ndinakopera padera ngati losungira. Lenileni linali chikhalire, osakhudzidwa. Sindinakuwe, sindinatukwane. Ndinangotuluka panja n'kukakhala pa njerwa.

Apa n'kuti Okutobala atafika, ndipo kutentha kwa kuno mumakudziwa, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Kompyuta inayamba kudzizimitsa yokha ikangogwira mphindi makumi awiri. Paja amati kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba, ndiye ndinaimasula. M'kati munali fumbi la malasha lochindikala ngati bulangete. Ndinaitulutsa pakhonde n'kuipopa ndi pampu ya njinga. Mphepo sindinaione kumene ikulowera, ndiponso sindinaone kuti pa chingwe panali mabulawuzi oyera asanu ndi limodzi a kwaya yomwe ija, amene akazi anga anachapira anzawo. Sindinena zambiri. Ndinachapa ndekha, poyera, amuna opita ku shifiti ya masana akundipatsa moni mokweza kuposa masiku onse.

Mkatikati mwa zonsezi Mai Asiyatu anapita ku Balaka n'kubwerako, opanda kalata yathu. A Mbewe ankangofunsa kuti, "Sikunapse?" Ine n'kumati kwatsala pang'ono.

Mu Novembala tsamba linatseguka. A Mbewe ndi jekete lawo anadzaza sikirini, mawu awo ali m'munsi. Pamwamba, pamene pamakhala adiresi, panalembedwa kuti localhost, kenako dzina lawo. Ndinaikopera mosamala pa pepala. Ndinaonjezeranso kanthu kamene ndinakapeza pa peji 55, kowerengera alendo: tsamba likatsegulidwa, nambala ya m'munsi inkakwera ndi imodzi. Kalata ya ku Ntcheu inali ya mizere itatu basi, moni, dzina la a Mbewe, ndi adiresi ija, kuti chithunzi ndi zonse akazipeza kumeneko. A Mbewe anayesanso kunena za chithunzi, ine ndinati palibe chifukwa. Mai Asiyatu anainyamula ulendo wawo wotsatira n'kukaisiya kwa m'bale wawo wogulitsa nsomba ku Ntcheu.

Masiku amenewo ndinkayenda chifuwa chili patsogolo. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Magetsi akakhalapo kompyuta inkakhala yoyaka kuti a ku Ntcheu asapeze khomo lotseka, ndipo fani yathu imodzi yokhayo ndinailozetsa kwa iyo, ife thukuta lili kamukamu. Akuba atadula waya wa foni wa m'dera lathu, momwe intaneti inkadzera, tinakhala masabata awiri foni ili zii, koma tsamba linkatsegukabe bwinobwino. (Munthu wina aliyense akanadabwa pamenepa. Ine ndinati ndi luso langa.) Ndipo poopa kuti seva ingafenso, ndinkatsegula tsambalo m'mawa, masana pobwera kudzadya, madzulo, ndiponso magetsi akangobwera.

A Mbewe ankabwera Loweruka lililonse atavala jekete lija, dzuwa likuswa mtengo. Asanakhale patsogolo pa sikirini ankapesa kaye tsitsi. Ndinawauza kuti makinawo alibe maso, iwo anati ulemu suononga kanthu.

"Angati manje?"

"Afika 42, Madala."

"Mushe! Ameneyo ndi Esinati ndi ana ake, aitana ndi aneba omwe."

Atafika 90 ankatchula maina a anthu amene akuganiza kuti awaona, ena oti mwina anafa ine ndisanabadwe. Atafika 130 anafunsa ngati ku positi kwabwera kanthu. Kunalibe. Khisimasi inadutsa, chaka chinatembenuka, nambala ikukwerabe, kalata osabwera. Loweruka lina mu Januwale anakhala pansi osapesa tsitsi.

"Angati?"

"163."

Anayang'ana nkhope yawo pa sikirini nthawi yaitali. "Iwe mfana, anthu 163 ndi mudzi wonse. Onsewo awerenga zimene ndinanena za amayi. Ndiye palibe ndi mmodzi yemwe woti alembe kuti tamva?" Anavula jekete, n'kulipinda pa mkono. "Basi, andikana. Ndine mtchona, ndifera konkuno. Sindikuwada, ndinayamba ndine."

Loweruka lotsatira sanabwere. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala naye ku Madumabisa, anauza akazi anga kuti mdala wasiya kupita ku bawo, chakudya akungochitokosa. Ine chitsiru ndinakwiyira anthu a ku Ntcheu. Ndinkati mitima yawo ndi ya mwala, munthu wokalamba wapepesa pamaso pa dziko lonse iwo n'kungoonerera.

Ukali umenewo ndi umene unandipititsa kwa Mayi Ncube, amene ankayang'anira makompyuta a kampani. Ndinkafuna andithandize kudziwa kuti mwa anthu 163 aja a ku Malawi ndi angati. Ofesi yawo inali ndi intaneti yeniyeni. Ndinawapatsa kapepala ka adiresi, iwo analemba, ndipo sipanatuluke kanthu. Anayang'ananso kapepalako, anavula magalasi, n'kundiyang'ana ine.

"Baba, adiresi iyi mwapatsa ndani?"

"A ku Malawi."

Mayi aja ndi aulemu, anayesetsa ndithu. Koma phwete linawapulumuka, mpaka anagwira tebulo. Atapuma anandifotokozera mofatsa, ngati mmene amachitira ndi wodwala. Dzina lakuti localhost si malo a pa intaneti ayi. Kompyuta iliyonse imadzitchula yokha choncho. Munthu akalilemba ku Ntcheu, kompyuta ya ku Ntcheu imadzifufuza yokha. Zili ngati kulemba pa envulopu kuti "kunyumba kwanga" n'kukaponya ku positi. Chimene ndinamanga ine anali malo oyesererapo chabe, ndipo kuti ena aone pankafunika kusamutsira tsambalo ku kompyuta ina yokhala pa intaneti usana ndi usiku.

"Zimenezi zimakhala m'mutu wotsatira wa buku lanu," anatero.

Peji 59.

"Nanga anthu 163 aja?" ndinafunsa.

"Inu mumalitsegula kangati pa tsiku?"

Kuchokera pa windo langa kufika ku ofesi ya Mayi Ncube ndi ulendo wa mphindi ziwiri. Miyezi yonseyo sindinapiteko, poopa kuti angadziwe kuti pali chimene sindikudziwa. Safunsa anadya phula, koma uja anadya yekha. Ine ndinadyetsa nkhalamba.

Tsiku lomwelo nditaweruka ndinapalasa njinga kupita ku Madumabisa, ndipo sindinayambe ndapalasa pang'onopang'ono chonchija. A Mbewe ndinawapeza kuseri kwa nyumba atavala vesiti, ataonda m'khosi. Anandipatsa mpando, ndinaukana, ndinakhala pansi. Ndinafotokoza zonse, kuyambira peji 58 mpaka envulopu ya "kunyumba kwanga". Ndinali ndi manyazi oti bola nthaka ing'ambike.

A Mbewe anati, "Ima kaye. Chithunzi changa sichinatuluke m'nyumba mwako?"

"Sichinatuluke, Madala."

"Anthu 163 aja?"

"Ndine."

"Onse?"

"Kupatula masiku amene munalipo inu. Koma wodina ndinali ine ndemwe."

"Ayikona! Wandiyang'ana ka 163? Ndi mkazi wanga yemwe sanafikepo pamenepo!"

Anayamba kuseka, kuseka kunasanduka chifuwa chawo chija cha mu mgodi, mwana wawo anathamanga ndi madzi. Atamwa anapukuta m'maso, ndipo sindikudziwa ngati misoziyo inali ya chifuwa. Anati, motsitsa, ngati akudziuza okha, "Ndiye kuti Esinati sanandikane. Sanandione chabe." Kenako anafuulira mwana wawo kuti chakudya chija anachibweza masana achitenthetse.

Ndinkayembekezera kutukwanidwa, ndipo kukanandipepukira. Iwo anangoti bambo anga analinso chimodzimodzi, ankakana kufunsa njira ndi pansi pa mgodi pomwe.

Mu Febuluwale Mai Asiyatu anabwera kuchokera ku Balaka ndi envulopu yothimbirira, yonunkha usipa. A Mbewe ananditumizira uthenga kuti ndikawawerengere, akuti wolakwa ndi amene ayenera kuwerenga. Anavala jekete. Kalatayo analemba ndi mdzukulu wa a Esinati, koma mawu anali a eni ake:

"Achimwene, ndili moyo. Nditamva dzina lanu ndinalira tsiku lonse. Tinapita ku boma kawiri pa matola kukafuna makina amene munanena. Mwanayu analemba mawu anu aja mpaka mwini malo anatiuza kuti tipatse ena mpata. Sitinaone kanthu. Kodi chithunzicho n'cholemera bwanji kuti chikanike kulowa mu envulopu? Tumizani msanga, maso anga ayamba kuchita nkhungu, chaka chatha ndinkaona bwino kuposa pano."

Mzere womalizawo ndinauwerenga movutika. Kalata yoyamba ikanapita mu Ogasiti. Miyezi isanu ndi umodzi ya maso a mayi wokalamba ndinaithera ine pa khomo nambala 80.

Mawa lake Mayi Ncube anandipulintira mapeji anayi aja, chithunzi tinakachapitsa china ku tauni (zinkatheka kuyambira pachiyambi, musandikumbutse), ndipo akazi anga anamata envulopu ndi manja awo, osandilola kuikhudza. Yankho linabwera dzinja litatha. A Esinati anati chithunzi anachiona pochiyandikiza pamphuno, panja padzuwa, ndipo akuti achimwene akalamba ngati malemu bambo awo, makutu omwe. Za maliro a amayi anangoti zinapita. A Mbewe anasunga kalata imeneyo m'Baibulo, pamodzi ndi chithunzi chawo chija, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda kuno ku Hwange.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kufunsa. Pang'ono. Kompyuta ija ikadali pansi pa bedi, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti nditapeza peji 59 ndikhoza kumalizitsa ntchitoyo. Koma ndikangoyamba kufotokozera alendo za njira yatsopano yochitira chinthu, akazi anga sanditsutsa. Amadzuka mwakachetechete, kutsegula kabati, n'kudzandiikira envulopu pamwendo.